Kanyanga ka apongozi anga

Linali Lachinayi, teni koloko m'mawa, wailesi ya kwa aneba itangoyamba kuwerenga nkhani. Ine ndinali pa kampando kanga kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25, chakufupi ndi Nsungwi, ndikubenthula tako la botolo. Apongozi anga aamuna anali kumbuyo kwanga, msana wawo utayang'anana ndi wanga monga mwa masiku onse. Ndinkamva mwala wawo ukugunda, go, go, go. Kenaka unasiya. Ndinadikira poganiza kuti akufuna pomenya pena, koma chomwe ndinamva ndi kulemera kwa msana wawo ukutsamira pa wanga. Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo pakhomo limodzi anali asanandikhudzepo ngakhale ndi chala.

Tsopano patha chaka. Mwana wanga Tupokiwe, amene ali ku koleji, wakhala akundikakamiza kuti ndilembe za agogo ake ndisanayambe kuiwala. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, choncho ndilemba mmene ndimayankhulira.

Dzina lawo sindilemba. Kwawo ku Karonga mkamwana satchula dzina la apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, sakhala nawo pamphasa imodzi, ndipo sawapatsa kanthu pamanja. Ine ndine wa ku Mulanje. Kwathu ulemu ulipo, koma sufika pamenepo. Apongozi aakazi, asanamwalire, ndi amene anandiphunzitsa zonsezi sabata yoyamba ya ukwati wanga. Ndikakumana nawo pakhomo ndinkapatuka n'kugwada, nkhope nditalozetsa kumpanda. Chakudya ndinkasiya patebulo iwo ali kunja. Anthu a m'dera lathu ankangowatcha kuti aMabotolo, ndipo iwo sankadandaula nalo dzinalo.

Pomwe apongozi aakazi anamwalira, panasowa wotitumizira mawu. Mwamuna wanga Lusekelo ndi makaniko ku Mchesi, amachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa. Ndiye apongozi anapeza njira yawo. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwala umene unali m'manja mwawo.

"Mwala iwe, uwauze a m'nyumbamo kuti tiyi wa lero anali ngati madzi otsukira kapu."

Ine ndinkayankha ndili kuseri kwa chitseko. "Mwala, uwauze kuti shuga anawaletsa kuchipatala."

"Mwala, uwauze kuti adokotalawo sakhala nawo pano."

Tinayankhulana choncho zaka zambiri, ndipo sitinasowane mawu.

Ntchito yawo yeniyeni inali ukalipentala, koma atakalamba ankangosema mipini, mithiko ndi zipande. Posalaza sankagwiritsa sandipepa. Ankati sandipepa amakanda mtengo, pomwe galasi limaumeta. Ena amangoswa botolo pansi n'kutola phale lililonse lakuthwa, koma iwo ankatenga tako la botolo lonenepa n'kulibenthula pang'onopang'ono mpaka likhale ndi mlomo umene akufuna: wowongoka wopalira mpini, wopindika wolowa m'kati mwa chipande. Osema anzawo ankabwera kudzatenga zopalira zimenezi. Koma chimene mtima wawo unkakonda chinali miyala. Ankapanga nsonga za mivi ndi timipeni ta nsangalabwi, mwala woyera wolimba uja, ngati mmene ankapangira anthu akale chitsulo chisanabwere.

Anaphunzira ali mnyamata. Kunabwera azungu kwawoko amene ankakumba m'zigwa kufunafuna zinthu za anthu akale, ndipo iwo analembedwa ganyu yosefa dothi ndi kutola timiyala. Mmodzi wa azunguwo, mayi wamtali wosuta kaliwo, ankati akaweruka amakhala pansi n'kumabenthula miyala kuti aone mmene akalewo ankachitira. Anyamata ena ankaseka, ati mayiyu ndi wozungulira mutu. Apongozi ankangokhala chapafupi n'kumayang'ana manja. Pochoka, mayiyo anawasiyira chidutswa cha nyanga ya nyama ya kwawo, nyama ya nyanga zanthambi ngati mtengo, zimene akuti zimathothoka zokha chaka ndi chaka.

Nyanga imeneyo si yofanana ndi za kuno. Ya mbuzi kapena ya gwape ili ndi mphako, ndipo ukakanikiza nayo pamwala imanyekezeka. Iyi inali yodzaza, yotuwa, yolimba ngati fupa. Anaidula kamodzi kokha ndi sowo, pawiri. Mbali yonenepa ankamenyera pochotsa zibenthu zikuluzikulu, ndipo inatha kalekale. Mbali yansonga ankakanikizira m'mphepete mwa mwala pochotsa tizibenthu tating'ono ngati mamba a nsomba. Imeneyi ndi imene tonse tinkaitcha kanyanga. Ikabuntha ankainola pa simenti ya pakhonde, ndipo kunola kulikonse kunkaifupikitsa. Ankati anailandira yotalika ngati chikhatho. Pomwe ine ndinkakwatiwa inali ngati chala chapakati, ataiika m'chigwiriro cha mlombwa n'kumanga ndi mphira wa chubu. Ankakonda kunena kuti iwo ndi kanyangako akutha limodzi, ndipo funso n'lakuti ayambe ndani.

Pofuna kusunga kanyangako, anayesa zinthu zambiri. Ankapita kwa ogulitsa nyama ku Nsungwi kukapempha fupa la mwendo wa ng'ombe, n'kuliwiritsa, kuliumitsa padenga, kuling'amba ndi kulinola. Ankakhomera waya wakopa wonenepa m'kamtengo n'kuusongola. Zonsezi zinkagwira ntchito pagalasi. Koma akafika pomaliza nsonga ya mwala, ankatulutsa kanyanga m'thumba la malaya, mmene kankagona limodzi ndi khadi la kuchipatala.

Mwala sankautola chisawawa. Ankayamba augogoda n'kuika khutu. Wolira bwino ankatenga, wolira ngati chikho chong'aluka ankataya, ati uli ndi matenda m'kati. Nthawi zina ankaunyambita kuti aone mizere yake. Amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu ankawathamangitsa chifukwa ankafukula milu yawo posankha.

"Agogo, mwabweranso kudzatigumulira mulu? Mwala ndi mwala basi!"

"Mwamuna ndi mwamuna basi? Nanga bwanji inu munasankha?"

Amayiwo ankaseka, ndipo pambuyo pake anayamba kuwasungira okha miyala yoyera pambali.

Mikangano sinkawasowa. Alandilodi athu, mayi wa ku Thyolo wapakamwa, anaponda kachibenthu ka galasi tsiku lina akuyanika zovala, ndipo anakuwa mpaka anthu a mzere wonse anatuluka. Apongozi sanatsutse. Anakumba dzenje lakuya pakona ya mpanda, anayala saka pansi pa mpando wawo, ndipo kuyambira tsikulo chibenthu chilichonse chinkathera m'dzenjemo. Anaikanso lamulo lakuti munthu wopanda nsapato asadutse kuseri. Lamuloli linagwira ngakhale abusa atabwera kudzatiyendera n'kuvula nsapato pakhomo mwaulemu. Apongozi anawauza kuti akavalenso.

Mkangano waukulu unali ndi mwana wawo. Tsiku lina anabwera atasenza chimbudzi chosweka, choyera chija cha m'nyumba za mabwana, chimene anachipeza kudzala. Ankati dothi lake lowotcha limabenthuka bwino kuposa galasi, ndipo ndi labwino kuphunzirirapo. Anadutsa nacho pamsika masanasana. Lusekelo atamva anapsa mtima.

"Tata, anthu akundiseka ku garaja. Akuti bambo ako akutola zimbudzi. Ndikusowa chiyani chokupatsani ine?"

"Manja."

"Manja ati?"

"Akowo. Khala pansi apa, ndakubweretsera chophunzirira."

"Ine ndimamasula mainjini, Tata. Za miyalazi zinatha ndi anthu ovala zikopa."

Apo ndi pamene panali bala lawo. Ana awo ena awiri ali ku Joni. Amene anali pafupi ndi Lusekelo yekha, ndipo sankafuna. Apongozi ankaopa kuti akadzafa kanyanga kadzatayidwa m'dzenje limodzi ndi zibenthu, popanda dzanja lodziwa kukagwira. Ankauza mwala zimenezi mokweza, ine ndikuchapa kuseri kwa mpanda wa bango.

Ine sindinakonze zophunzira. Ntchito yanga inali yokutumula saka lija madzulo. Koma munthu ukatola zibenthu zaka ndi zaka umayamba kuzidziwa. Ndinkaona kuti chabwino chimakhala chopyapyala, chokhala ndi kachotupa pamene chinamenyedwa, ndipo choipa chimakhala chachifupi chonenepa. Pa mpata wa bango ndinkaona manja awo, osati nkhope: mmene ankayalira chikopa pantchafu, mmene ankayambira akwecha m'mphepete ndi mwala wokhakhala kuti nsonga isaterereke, mmene ankakanikizira cham'kati kenaka chapansi, mphamvu ikuchokera m'mawondo. Lachitatu lililonse ankapita kuchipatala kukayezetsa shuga. Ine ndinkatenga msomali umene ndinakhomera m'chitsononkho, ndi mapale a chimbudzi chija, n'kukhala kuseri kwa bafa. Ndinadzicheka kosawerengeka. Lusekelo akafunsa za zala ndinkati ndi mpeni wa masamba.

Kenaka maso awo anachita ng'ala. Manja anali ndi mphamvu, zomenya zikuluzikulu ankatha, koma kamzere koikapo nsonga ya kanyanga sankakaona. Nthawi yomweyo mphunzitsi wina wa kusekondale anali atawapempha nsonga zisanu zokaonetsa ana a sukulu pa phunziro la mbiri yakale. Anathyola zinayi motsatizana. Yachisanu anaisiya theka pampando, ndipo ndinawamva akuuza mwala kuti basi, kwatha.

Lachitatu lotsatira ndinatenga ya thekayo n'kuimaliza ndi chokanikizira chawo cha fupa. Ndinaibwezera pampando.

Atabwera anaipapasa nthawi yaitali ndi chala chachikulu, mbali iyi ndi iyo. Madzulo Lusekelo atafika anamuitana.

"Wayamba liti?"

Lusekelo anayang'ana nsongayo, kenaka anayang'ana kuchitseko kumene ndinaima. Anadziwa pompo. Koma anali asanamvepo bambo ake akumuyankhula ndi mawu ofewa chotero kuyambira ali mwana.

"Pang'onopang'ono, Tata," anatero.

M'chipinda tinakangana monong'ona. Iye ankati, "Amake Tupo, mwaona mmene asangalalira? Musiyeni mkuluyu afe ndi mtendere. Komanso akamva kuti mkamwana wakhala pampando pawo n'kugwira zida zawo, kumudzi kukhala mlandu." Ndinavomera. Lachitatu lililonse ndinkamaliza nsonga imodzi n'kuisiya pampando, ndipo madzulo Lusekelo ankalandira mayamiko ndi malangizo amene sankawamva n'komwe. Malangizowo ankanenedwa mokweza kwambiri, ndipo ine kuseri kwa chitseko ndinkawasunga onse. Sindinama, zinkandiwawa. Zala zochekeka zinali zanga.

Panatha miyezi itatu. Kenaka kunabwera mng'ono wawo wa apongozi kuchokera ku Karonga, mkulu wa mpingo, munthu wosunga mwambo kwambiri. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, apongozi anaitanitsa mipando kuseri. Anati akufuna kupereka kanyanga kwa mwana wawo pamaso pa mboni. Ine ndinakhala pansi kuseri kwa mpanda wa bango.

"Koma poyamba," anatero, "chotsa kachibenthu kamodzi apa, bambo ako aang'ono aone."

Ndinaona pampata manja a Lusekelo akulandira mwala ndi kanyanga. Anakagwira ngati sipanala. Sanakweche m'mphepete. Anakanikiza ndi mphamvu zonse za kugaraja, kanyanga kanaterereka, mwala unaduka pakati, ndipo magazi anatuluka pachikhatho.

Apongozi anapapasa pansi n'kutola kanyanga ndi chidutswa cha mwalawo.

"Mwala iwe," anatero, "tizibenthu ta nsonga zonse zija tinapendekera mbali imodzi. Dzanja limene linakanikiza ndi lamanzere. Mwana wanga amadya ndi lamanja, amamenya ndi lamanja, amanamanso ndi lamanja. Pakhomo pano wamanzere ndi mmodzi. Ndinamusemera chipande chake chopendeka chaka chimene anabwera, chifukwa ndinkamva mmene ankavutikira ndi cha apongozi ake."

Chipandecho ndili nacho mpaka lero. Ndinkaganiza kuti chinangopindika mwangozi.

"Munadziwa liti, Tata?" anafunsa Lusekelo, mawu ali pansi.

"Tsiku loyamba. Ndimadikira kuti mwina manyazi akukhazika pansi uphunzire, kapena akutsegula pakamwa unene zoona. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi."

Mng'ono wawo uja anadzuka. Anayankhula zambiri m'chiyankhulo chawo, ndipo zimene ndinatolapo n'zakuti mkamwana sangakhale pamalo pa apongozi, kuti tauni yawononga anthu, ndipo kuti chinthucho chipite kumudzi kwa adzukulu aamuna. Apongozi anamusiya amalize. Kenaka anayankha m'Chichewa kuti inenso ndimve. Anati mwambo akuudziwa kuposa iye, ndipo sauphwanya. Mwambo unaletsa maso ndi manja, koma palibe pamene unaletsa makutu, ndipo maso awo anali atatha kale.

Atatero ananyamula mpando wawo n'kuutembenuza kuti uyang'ane khoma la nyumba. Anatambasula dzanja kumbuyo n'kuika kanyanga pansi pa saka.

"Mwala, uwauze a dzanja lamanzere kuti kumbuyo kwangaku kuli malo. Abwere ndi mpando wawo, ayang'ane kumpanda."

Ndinanyamula kampando kanga n'kupita. Ndinatola kanyanga pansi. Kanali kofunda chifukwa cha m'thumba mwawo. Mng'ono wawo anachoka m'mawa mwake osatsanzika. Patatha masiku atatu, Lusekelo anabwera ndi waya wakopa wa m'galimoto yakufa n'kuusiya pasaka.

Tinakhala chofulatirana choncho chaka ndi theka, m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu ndi Lachitatu la kuchipatala. Iwo ankaswa miyala ikuluikulu mongopapasa n'kumaponya zibenthu zabwino kumbuyo, ine n'kumamaliza. Ankandiphunzitsa ndi khutu. Kachibenthu kakachoka bwino kamalira kuti the, kakachoka moipa kamati khwe.

"Mwala, uwauze kuti sanakweche."

"Mwala, uwauze kuti ndakwecha."

"Mwala, uwauze kuti kukwecha si kusisita mwana."

Sankayamika kawirikawiri. Nsonga ikawakomera ankangoiika m'thumba la malaya m'malo moiika m'chitini. Anandiphunzitsanso kupanga zida zanga: kusankha fupa, kuling'amba motsata msempha wake, kunola nsonga kuti ikhale yobulungira pang'ono osati yosongoka ngati singano. Kanyanga anandiletsa kukanola popanda chifukwa. Ankati ndizikagwiritsa pa tizibenthu khumi tomaliza basi, kuti kadzafike kwa wina pambuyo panga.

Lachinayi lija, msana wawo utatsamira pa wanga, sindinatembenuke msanga. Ndinalimbitsa msana kuti asagwe.

"Mwala," ndinatero, "uwafunse ngati ali bwino."

Mwala unagubuduzika kuchoka m'manja mwawo n'kudzaima pafupi ndi phazi langa. Ndinakuwa kuitana alandilodi, koma anali kumpopi. Ndiye ndinatembenuka, ndinawagwira m'mapewa n'kuwagoneka pa saka, mutu wawo pamwendo panga. Aka kanali koyamba kuwayang'ana kumaso mosabisa. Anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, ndipo mphuno yawo inali ya Tupokiwe yeniyeni. Zaka zonsezo sindinkadziwa kumene mwana wanga anatenga mphuno imeneyo. Galimoto itabwera anali atapita kale.

Maliro tinakaika ku Karonga. Pokonza katundu wawo, mng'ono wawo uja anafunsa za kanyanga, ati kalowe m'bokosi limodzi ndi mwini wake. Ine sindikanatha kuyankha pagulu la amuna. Anayankha ndi Lusekelo. Anaonetsa chipsera cha pachikhatho chake n'kunena kuti mwini wake wa kanyangako ali moyo, wakhala uko ndi amayi anzake, ndipo iye ndi mboni chifukwa analipo tsiku limene kanaperekedwa. Mng'ono wawo uja sanafunsenso.

Kuseri kwa nyumba sikunasinthe kwenikweni. Mpando wawo ukuyang'anabe khoma, ndipo pakhomapo pali banga lakuda pamene ankagwira podzuka. Pa simenti ya pakhonde pali kamgwere kamene kanakumbika ndi kunola. Dzenje la zibenthu linadzaza, Lusekelo anakumba lina pambali pake. Amayi oswa miyala amandisungirabe yoyera, ndipo andipatsa dzina, akuti ndine mai aMabotolo. M'thumba la malaya amene anavala tsiku lomaliza tinapezamo nsonga zanga zisanu ndi ziwiri, zokutidwa m'khadi la kuchipatala.

Kanyanga katsala ngati mfundo ziwiri za chala. Chaka chonsechi ndakanola kamodzi. M'mawa ndikatha kusesa ndimayala saka, ndimaika kampando kanga kumbuyo kwa mpando wawo, ndimayang'ana kumpanda, n'kuyamba kukwecha m'mphepete mwa mwala.